Zogwirira za volovolo ya Webley Mark VI zakana kukwana: kodi ndipale chitsulo ndi tupa?

Funso: "Ndine Mmalawi wokhala ku Leeds, ku England. Agogo anga aamuna anali msilikali wa King's African Rifles pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo kwa nthawi ina ankatumikira mkulu wa asilikali wachizungu amene ankawapatsa volovolo yake kuti aziipukuta madzulo. Ankatisimbira za mfuti imeneyi tili ana. Chaka chatha ndinagula ya mtundu womwewo, Webley Mark VI ya 1917, yophedwa mwalamulo kuti isawombenso, ndipo chikalata chake ndili nacho. Vuto ndi lakuti chogwirira cha kumanzere chinang'aluka ndipo ngodya yake ya m'munsi inabenthuka. Ndinaitanitsa zatsopano pa intaneti, zolembedwa kuti ndi za Webley, koma zafika zoperewera m'munsi, bowo lake silikukumana ndi kachitsulo kotuluka pa thupi la mfuti, ndipo sikulu sikugwira. Mnzanga akuti ndingopala kachitsuloko ndi tupa. Kodi nditero? Nanga zokwana bwino ndingazipeze kuti?"

Yankho: Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima wanu ukhale pansi, chifukwa mpaka pano palibe chimene mwawononga. Ndalama zimene zapita pa zogwirira zosakwanazo ndi zochepa poyerekeza ndi mtengo wa mfutiyo, ndipo mwachita bwino kufunsa tupa asanafike pa chitsulo. Mnzanuyo mumuthokoze chifukwa chofuna kuthandiza, koma malangizo akewo musawatsate. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikukonza ndi kusamalira mfuti zakale, lamulo limene sindinaliphwanyepo ndi lakuti chogwirira ndicho chimasemedwa kuti chikwane pa mfuti, ndipo mfuti siisemedwa kuti ikwane chogwirira. Chogwirira chikalakwika mudzagula china, koma kachitsulo kamene amisiri a ku Birmingham anakaika mu 1917 mukakapala ndiye kuti kapita, ndipo tsiku limene mudzapeze zogwirira zenizeni za mfuti imeneyi zizidzagwedera pamalo omwewo amene munapala.

Gwero la vuto lanu, monga ndikulionera, ndi dzina lakuti Webley lenilenilo. Ogulitsa ambiri amalilemba ngati likutanthauza mfuti imodzi, pamene kampaniyi inapanga mavolovolo amitundumitundu kwa zaka zambiri, osiyana msinkhu ndi kapangidwe ka pogwira. Gulu lankhondo la Britain linayamba kugwiritsa ntchito Mark I mu 1887, kenaka panabwera Mark II ndi Mark III, Mark IV mu 1899 pa nthawi ya nkhondo ya Mabunu ku South Africa, ndi Mark V mu 1913. Zonsezi zinali za zipolopolo za .455 (nambala yosonyeza kukula kwa chipolopolo), ndipo pogwira pake panali popindika mokhota kumunsi, kapangidwe kamene osunga mfuti zakale amakafanizira ndi mutu wa mbalame. Mark VI, imene inavomerezedwa mu 1915, ndi imene inasintha zinthu: mpope wake ndi wa mainchesi 6, ndipo pogwira pake ndi pa ngodya, potambalala kumunsi. Choncho ngakhale pakati pa mfuti za zipolopolo zofanana, zogwirira za Mark V sizingakwane pa Mark VI.

Chisokonezo chachikulu chili pa dzina lakuti Mark IV, chifukwa pali mfuti ziwiri zosiyana kotheratu zotchedwa choncho. Kupatula ya 1899 ija, kampaniyi inadzapanganso Mark IV ina yocheperapo, ya zipolopolo za .38, imene inagulidwa yambirimbiri ndi boma la Britain pa nkhondo yachiwiri. Pambali pake palinso Enfield No. 2 Mk I, imene boma linaivomereza mu 1932 ndipo inkapangidwa ku fakitale ya boma ku Enfield. Anthu ambiri amaitcha Webley chifukwa maonekedwe ake ndi ofanana kwambiri, koma zitsulo zake ndi zogwirira zake ndi zina. Mfuti ziwiri za .38 zimenezi nazonso zili ndi pogwira pa ngodya, moti pa chithunzi chaching'ono cha pa intaneti munthu sangazisiyanitse msanga ndi Mark VI. Mwanena kuti zimene munalandira ndi zoperewera m'munsi ndipo bowo silikukumana ndi kachitsulo. Zizindikiro ziwiri zimenezi zikaonekera pamodzi, kawirikawiri ndimapeza kuti munthu wagula zogwirira za mfuti ya .38. Onjezerani apo kulakwitsa kophweka kwa wolemba, amene angasinthanitse IV ndi VI osazindikira, ndipo muona chifukwa chake makalata ngati anuwa amandipeza kawirikawiri.

Musanagulenso china chilichonse, ikani mfutiyo pa tebulo powala bwino ndipo muwerenge zolembedwa pa chitsulo. Pa Mark VI yopangidwa ku Birmingham mupeza dzina la Webley, mawu akuti MARK VI ndi chaka, zodindidwa pa thupi lake, pamodzi ndi kachizindikiro kooneka ngati nsonga ya muvi kosonyeza kuti inali katundu wa boma. Mukaona mivi iwiri yolozana nsonga, ndiye kuti boma linaigulitsa itatha ntchito yake. Fananitsaninso nambala ya pa thupi ndi ya pa chikalata chanu. Dziwaninso kuti nkhondo yoyamba itatha, kuyambira mu 1921 mpaka 1926, fakitale ya Enfield inapanganso Mark VI yakeyake, ndipo n'kofunika kumuuza wogulitsa kuti yanu ndi ya Webley ya 1917, osangonena kuti Mark VI basi. Pamsika palinso zogwirira zopangidwira mfuti za mpweya ndi mfuti zongokongoletsera zimene zimatengera maonekedwe a Webley, komanso za mfuti zosulidwa pamanja ku Darra Adam Khel ku Pakistan. Zonsezi zimaoneka ngati zenizeni koma miyeso yake ndi ina.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene ogulitsa sakonda kunena. Ngakhale mutapeza zogwirira za Mark VI yeniyeni, musayembekezere kuti zingolowa zokha ngati chitsekerero cha botolo. Mfuti zimenezi zinkapangidwa ndi makina, n'zoona, koma kumalizitsa kwake kunali kwa manja, ndipo mmisiri ankapala m'mphepete mwa chitsulo ndi mwa chogwirira mpaka zigwirizane. Mfuti yodutsa zaka 100 imakhalanso itapukutidwa, kukonzedwa kapena kupakidwanso kangapo, ndipo nthawi iliyonse chitsulo chimachepa pang'ono m'mphepete. Kumbali ya zogwirira zatsopano, zambiri zimapangidwa pothira utomoni wa pulasitiki m'chikombole chimene chinaumbidwa pa chogwirira chakale. Aliyense amene anaumbapo njerwa amadziwa kuti njerwa ikauma imachepa kuposa chikombole chake, ndipo utomoni nawo umatero. Zimaipiraipira pamene wopanga wachiwiri waumba chikombole chake pa chogwirira chongotengera cha wopanga woyamba, chifukwa kuchepako kumaonjezekera. Kusiyana kwa milimita imodzi kumaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma pa chogwirira kumasiya mzere wa chitsulo poyera umene diso limauona nthawi yomweyo ndipo dzanja limaumva.

N'chifukwa chake ndisanalankhule za kugula, ndikufuna muganizirenso za chogwirira chong'alukacho. Ngati ndi chimene mfutiyo inabwera nacho kuchokera ku fakitale, ndiye kuti palibe china padziko chimene chingakwane bwino kuposa chimenecho, ndipo kwa osunga zinthu zakale, chogwirira choyambirira chokonzedwa mwaluso chimaposa chatsopano chosalala. Zogwirira za Mark VI zinkapangidwa ndi vulcanite, amene ndi labala wophikidwa pamodzi ndi sulufule wambiri mpaka kuuma gwa ngati nyanga. Poyamba amakhala wakuda bii, koma kuwala kwa dzuwa ndi chinyezi zimamusandutsa wofiirira kapena wobiriwira pang'ono. Kuti mudziwe ngati chanu ndi chotero, chitikiteni ndi chala chachikulu mkati mwake mpaka chitenthe pang'ono, kenaka mununkhize. Vulcanite amatulutsa kafungo ka sulufule ngati tayala lotentha, Bakelite, pulasitiki wamakedzana amene anagwiritsidwa ntchito pa zogwirira za Enfield za pambuyo pake amamveka ngati mankhwala, pamene utomoni wamakono sununkha kanthu. Ena amalangiza kubaya ndi singano yotentha, koma ine ndimaletsa, chifukwa chipsera chake sichichoka.

Ngozi zambiri zimachitika pochotsa zogwirira zakale, ndiye pano ndifatsepo. Zogwirira ziwirizi zimamangidwa ndi sikulu imodzi yaitali yodutsa pakati, imene imakalowa m'kachitsulo ka mazinga kokhazikidwa m'chogwirira cha mbali inayo, ndipo kumunsi kuli kachitsulo kotuluka kaja kamene ntchito yake ndi kuletsa zogwirira kuti zisazungulire. Ngati sikulu yauma, donthezanipo kadontho ka mafuta omasulira dzimbiri pa mazinga okha, mupukute otayikira pa vulcanite, ndipo mudikire tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Chomasulira chanu chikhale chodzaza mpata wa pamutu pa sikulu m'litali ndi m'lifupi momwe, chifukwa chomasulira wamba cha m'nyumba chimakhala chopyapyala kunsonga, motero chimaterereka, kuphwanya mutu wa sikulu ndi kukanda chogwirira. Sikulu ikamasuka, musaichotseretu. Isiyeni italowa pang'ono, kenaka mugogode mutu wake mofatsa ndi chigwiriro cha chomasuliracho, ndipo chogwirira cha mbali inayo chinyamuka chokha. Chotsalacho muchikankhe ndi chala kuchokera mkati. Musalowetse mpeni pakati pa chogwirira ndi chitsulo kuti mutukule. Ngodya zobenthuka zambiri zimene ndaziona zinabenthuka choncho, ndipo sindingadabwe ngati ya mfuti yanu inakumana ndi zomwezo m'manja mwa mwini wake wakale.

Mukachotsa, yang'anani chitsulo chimene chinali chobisika. Vulcanite akamakalamba, sulufule wake amasanduka asidi pang'onopang'ono pakakhala chinyezi, ndipo nthawi zambiri pansi pake pamapezeka dzimbiri. Lichotseni ndi kansalu ka mafuta ndi burashi yofewa, osati ndi sandipepa, kenaka mupukute paume ndi kupakapo phula lotetezera. Ine ndimagwiritsa ntchito Renaissance Wax, phula limene linakonzedwa ku British Museum ndipo osamalira zinthu zakale amalidalira. Chogwiriracho muchitsuke ndi kaburashi konyowa pang'ono ndi madzi ozizira a sopo wochepa, n'kuchiumitsa msanga. Madzi otentha musayerekeze, chifukwa amasandutsa vulcanite wakuda kukhala wofiirira pa kamphindi.

Mng'alu umakonzedwa kuchokera mkati, kumene diso silifika. Guluu woyenera ndi epoxy wosakaniza magawo awiri, wa mtundu wouma pang'onopang'ono, wothiramo utoto wakuda wa ufa pang'ono. Guluu wouma msanga wa m'timachubu uja amalowa bwino m'ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, koma amasiya kuyera m'mphepete ndipo sadzaza malo obenthuka. Lowetsani epoxy mu mng'alumo, phatikizani mbali ziwirizo mofatsa, ndipo kumbuyo muyalepo kansalu kopyapyala konyowetsedwa ndi guluu yemweyo pamalo pamene sipagunda chitsulo. Ngodya yobenthuka imaumbidwanso motere: pakani phula lambiri pa chitsulo kuti guluu asamatirepo, ikani chogwirira pamalo pake, tchingani m'mphepete ndi tepi kuti mupange kachikombole, thirani epoxy wakuda, ndipo akauma muchotse chogwiriracho n'kukasema ngodyayo chili patali ndi mfuti. Timizere topingasa ta pamwamba timabwezeretsedwa ndi tupa wamng'ono wa ngodya zitatu, potsatira timizere takale. Ntchito imeneyi si yovuta kwenikweni koma imafuna kuleza mtima, ndipo ngati simunagwirepo epoxy, yambani mwayeserera pa zogwirira zosakwana zija, popeza muli nazo kale.

Mwina mungakonde kusunga choyambiriracho pabwino ndi kuikapo china choti muzigwira momasuka poonetsa ana anu. Amenewo ndi maganizo abwino, ndipo pamenepo njira zilipo zitatu, ngakhale sizilingana. Yoposa zonse ndi kupeza zogwirira zakale zenizeni za Mark VI, zimene zimapezekabe kwa ogulitsa zida zankhondo zakale ndi pa misika ya osunga zinthu zotere imene imachitika m'mizinda ingapo ya ku England, kuphatikizapo Birmingham. Muli ndi mwayi kuti mukukhala m'dziko limene mfutiyi inabadwira, ndiye musathamangire kuitanitsa ku America, kumene ogulitsa ambiri safuna n'komwe kutumiza ziwalo za mfuti kunja chifukwa cha malamulo a kwawo. Mukamagula zakale, yesetsani kugula ziwiri zochokera pa mfuti imodzi, chifukwa vulcanite amasuluka mosiyanasiyana, ndipo chakuda kumanja ndi chofiirira kumanzere sizioneka bwino. Chiikeninso chafufumimba pa galasi kapena pa tebulo losalala kuti muone ngati sichinapindike, chifukwa vulcanite wopindika amasweka mukamukakamiza ndi sikulu.

Popita ku msika woterowo, mfutiyo muisiye kunyumba. Ngakhale ndi yophedwa, kuyenda nayo pagulu popanda chifukwa chomveka kungakuikeni m'mavuto ndi apolisi, ndipo palibe wapolisi amene angadziwe ali patali kuti singawombe. Chimene mutenge ndi chogwirira cha kumanja chosasweka chija, sikulu yake, ndi chithunzi chojambula pamanja. Chithunzicho muchipange poika pepala lolimba pa thupi la mfuti pamene zogwirira zachotsedwa, n'kulemba ndi pensulo yosongoka m'mphepete monse, kenaka kuboola pamene pali kachitsulo kotuluka ndi pamene sikulu imadutsa. Lembaninso miyeso itatu m'mamilimita: kuchokera pamwamba pamene chogwirira chimagunda thupi kufika pansi, m'lifupi mwa kumunsi, ndi mtunda wa pakati pa bowo la sikulu ndi bowo la kachitsulo. Muyeso wachitatuwu ndi umene umaulula msanga ngati chogwirira ndi cha mfuti ina. Ngati mukugula pa intaneti, tumizani miyeso imeneyi kwa wogulitsa, mupemphe chithunzi cha mkati mwa chogwirira chili pambali pa rula, ndipo mufunse ngati amalandira katundu wobwezedwa. Wogulitsa amene akana zinthu zitatu zimenezi ine sindimugula kanthu. Popeza muli ku Leeds, pitaninso ku Royal Armouries, nyumba yosungira zida zakale imene ili mumzinda wanu womwewo, kuti diso lanu lizolowere mmene mavolovolo a asilikali a Britain amaonekera akakhala ndi ziwalo zake zoyenera.

Njira yachiwiri ndi zogwirira zatsopano za utomoni, ndipo sindizinyoza konse, malinga zikhale za Mark VI ndipo zikhale zokulirapo pang'ono kusiyana ndi chitsulo. Chachikulu chimachepetsedwa, koma choperewera sichitalikitsidwa mooneka bwino. Opanga abwino amasiyira dala kambali kotsala m'mphepete kuti wogula akasemere yekha, ndiye mukaona kuti chatuluka pang'ono kunja kwa chitsulo, musakhumudwe.

Kakhazikitsidwe kake kali ndi ndondomeko, ndipo amene amailumpha amavutika. Yambani ndi kumbuyo: yalani sandipepa wosakhakhala kwambiri pa galasi, ndipo mutsetserezepo chogwirira mofatsa mpaka mbali yogunda chitsulo ikhale yosalala bwino. Ngati chapindika, utomoni wamakono umafewa m'madzi ofunda ndipo mukhoza kuchitsindika pakati pa matabwa awiri mpaka chizizire, chinthu chimene simungachite ndi vulcanite. Kenaka konzani pamwamba, pamene chogwirira chimakumana ndi phewa la thupi la mfuti, chifukwa mpata wa pamenepo ndi umene umaonekera kwambiri. Kuti mudziwe pamene pakugunda, detsani chitsulo ndi pensulo yofewa kapena mwaye wa kandulo wotengedwa pa chala, tsindikanipo chogwirira, n'kuchichotsa. Pamene pada ndi pamene mupale, pang'ono chabe, kenaka muyesenso. Mungabwereze zimenezi maulendo 10 kapena 20, ndipo palibe cholakwika. Pamwamba pakakhala bwino, ndi pamene muone za bowo la kachitsulo. Ngati laphonya pang'ono, likuzeni, mudzazemo epoxy, mupake phula pa kachitsuloko, n'kukhazika chogwirira pamalo pake mpaka guluu aume. Mukatero bowo limatenga malo enieni a kachitsulo ka mfuti yanu, ndipo kugwedera kumatha. M'mphepete ndi momaliza: lembani mzere ndi pensulo mkati mwa chogwirira motsatira chitsulo, chichotseni, n'kupala mpaka pa mzerewo. Sandipepa kapena tupa asagwire ntchito chogwirira chili pa mfuti, chifukwa kuterereka kamodzi kokha kumachotsa utoto wa chitsulo umene wakhalapo kuyambira 1917.

Za sikulu imene sikugwira, chifukwa chake n'chodziwika. Amisiri a ku Birmingham a nthawi imeneyo ankadula mazinga pa miyeso ya Chingerezi ya mainchesi, pamene zogwirira zambiri zatsopano zimabwera ndi kachitsulo ka mazinga a mamilimita. Sikulu yakale ikakumana ndi mazinga atsopano, imalowa kamodzi kapena kawiri n'kuima, ndipo mukaikakamiza mumawononga zonse ziwiri. Sikulu ndi kachitsulo kake ziziyendera pamodzi: yakale ndi kakale, yatsopano ndi katsopano. Sikulu yoyambirira muisunge ndi zogwirira zoyambirira. Onaninso kutalika kwake, chifukwa yaitali imatulukira mbali inayo n'kumabaya chikhatho, ndipo yaifupi imagwira mazinga ochepa n'kuwapulula. Pomanga, lekani pamene chogwirira chasiya kugwedera. Zogwirirazi zimakhala ndi mphako pansi pake pamene pali sipuling'i yaikulu ya mfuti, motero sikulu ikamangidwa mopitirira imakokera pakati pa chogwirira mkati, ndipo mng'alu umayambira pa bowo n'kutsika. Ming'alu yambiri yotalika imene imafika pa benchi langa imayamba motero. Mukamaliza, onetsetsani kuti palibe chimene chikukhula sipuling'iyo mkati.

Njira yachitatu ndi kusemetsa zogwirira za mtengo. Ndikudziwa kuti Mmalawi akaona vulcanite wakuda maganizo amathamangira ku phingo, ndipo amisiri athu osema ziboliboli akhoza kutulutsa chinthu chokongola kwambiri. Phingo ndi wolimba ndipo amalandira timizere bwino, koma kumbukirani kuti ali m'gulu la mitengo imene malonda ake a pakati pa maiko amayang'aniridwa pansi pa pangano la CITES, ndiye mufunse kaye musananyamule thabwa lake kudutsa nalo malire. Mtengo umene amisiri a mfuti ku Ulaya amaudalira ndi walnut, umene unagwiritsidwanso ntchito pa Enfield No. 2 zoyambirira. Oak mumupewe, chifukwa ali ndi asidi amene amadyetsa chitsulo dzimbiri. Mtengo uliwonse ukhale wouma bwino ndipo ukhale m'nyumba mwanu milungu ingapo usanasemedwe, popeza nyumba za ku England zotenthetsedwa m'nyengo yozizira zimaumitsa thabwa kwambiri n'kulipinda. Komabe maganizo anga ndi akuti pa cholinga chanu, mtengo ukhale njira yomaliza. Inu mukufuna kugwira chimene agogo anu ankagwira pamene ankapukuta volovolo ya bwana wawo, ndipo Mark VI ya boma inkatuluka ku fakitale ndi zogwirira zakuda za vulcanite.

Nkhani ya agogo anuyi yandikhudza, chifukwa ikugwirizana ndi mmene zinthu zinalili. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo chipilala chokumbukira anthu ake chili ku Zomba, ankanyamula mfuti zazitali za .303, pamene volovolo inali makamaka ya akuluakulu a asilikali. Pa nkhondo yachiwiri anamenya ku Abyssinia (Ethiopia wa lero), ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo ngakhale mfuti ya .38 ndi imene inali yovomerezeka pa nthawiyo, Mark VI zambiri zinali zikugwirabe ntchito chifukwa mfuti zinkaperewera. Manja amene ankasamalira zida zimenezi tsiku ndi tsiku nthawi zambiri anali a anthu ngati agogo anu.

Pali malo angapo pamene ndikupemphani kuti muime n'kupita kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka ndi boma. Ngati mutu wa sikulu waphwanyika kale, kapena kachitsulo ka mazinga kakuzungulira pamodzi ndi sikulu m'kati mwa chogwirira, musalimbane nazo, chifukwa kuboola sikulu yoteroyo popanda makina oyenera kumathera pa kuswa chogwirira chabwino chija. Chimodzimodzi ngati kachitsulo kotuluka kapindika kapena kakugwedera, kapena mwapeza dzimbiri lozama lodya chitsulo mpaka kukumba timaenje. Chofunika koposa n'chakuti mukachotsa zogwirira mungaone malo owotcherera kapena zitsulo zodulidwa zimene zinachitidwa poipha mfutiyo. Zimenezo musazikhudze ngakhale pang'ono, ngakhale zikuoneka kuti zikutchinga chogwirira. Chikalata chanu chinaperekedwa ndi ofesi yoyesa mfuti ya ku Birmingham kapena ya ku London potengera ntchito imeneyo, ndipo kuyambira mu 1997 malamulo a Britain pa mfuti zing'onozing'ono ndi okhwima kwambiri, moti kusintha chilichonse pamenepo kungasandutse chikumbutso chanu kukhala mlandu waukulu. Ngati chowotcherera chikutchinga, semani mkati mwa chogwirira chatsopano kuti chipatse malo. Ndipo ngati tsiku lina mudzafune kupita nayo kumudzi kuti abale akaione, mudzayambe mwafunsa apolisi a maiko onse awiri ndi kampani ya ndege, ndipo mudzakhale ndi chilolezo cholembedwa musanaiike m'chikwama.

Owerenga ena amene ali ndi Webley yamoyo ya laisensi, ku South Africa kapena kwina, ndondomeko ya zogwirira ndi yomweyi, kungoti choyamba ndi kutsegula mfuti ndi kuona ndi maso kuti mulibe chipolopolo. Iwowa ndiwachenjezenso kuti Mark VI zambiri zimene zinagulitsidwa ku America zinapalidwa kumbuyo kwa chozungulira cholowamo zipolopolo kuti zizilandira .45 ACP, chipolopolo champhamvu kuposa chimene mfutiyi inapangidwira, ndiye mmisiri aione isanawombedwe.

Kwa inu Bambo, ndondomeko imene ndingatsate ndikanakhala ndi mfutiyi pa benchi langa ndi iyi: ndikanachotsa zogwirira zonse ziwiri mosamala, kuyeretsa ndi kupaka phula chitsulo, kukonza chong'alukacho ndi epoxy wakuda, n'kuchibwezeretsa pamalo pake ndi sikulu yake yomangidwa mofewa. Mukakonda kuikapo zina, zoyambirirazo muzikulunge m'pepala lopanda asidi, muziike m'kabokosi kouma kosafika kuwala, padera ndi zitsulo zina chifukwa cha sulufule uja, ndipo muikemo kapepala kolembedwa nambala ya mfutiyo ndi tsiku limene munazichotsa. Mfutiyo isakhale pa khoma loyang'anana ndi zenera, ndipo kamodzi pa chaka muzimasula sikulu n'kuona ngati dzimbiri silinayambenso pansi pa zogwirira. Mukapeza zogwirira zimene mukuganiza kuti ndi zoyenera, nditumizireni miyeso itatu ija pamodzi ndi chithunzi cha mkati mwake musanalipire, ndipo ndidzakuthandizani kuziyerekeza.